Khadi la ku sikelo linaulula njuga ya atate

MZERE wa pa khadi la mwana sunama. Mwezi uliwonse mwana akapacikidwa pa sikelo, namwino amaika kadontho, ndipo timadontho timeneto tikalumikizidwa tiyenera kukwera monga njira ya pa phiri. Pa khadi la kamnyamata kena ka zaka ziwiri, ka m'komboni ina ya mu Chipata, mzerewo unangogona kwa miyezi itatu, ndipo mwezi wacinai unayamba kutsika.

Namwino anayamba ndi zimene anaphunzitsidwa. Mwana anapimidwa malungo koma sanapezeke nao. Sanali kutsegula m'mimba, sanali kutsokomola, ndipo magazi ake pamodzi ndi a amai ake analibe kacirombo ka HIV. Mankhwala a njoka za m'mimba anali atamwa. Pofunsidwa za cakudya, maiyo anayang'ana pansi nati phala mwana amadya, koma la ufa ndi mcere cabe. Nsinjiro, dzira ndi kapenta zinaleka kuoneka m'nyumbamo kuyambira nthawi ya dzinja. Iye mwini anali kudandaula za mutu wosapola ndi kusowa tulo, ndipo atapimidwa BP inali 160/100, pamene zaka zake zinali 29 zokha.

"Kodi atate a mwana anacotsedwa nchito?" anafunsa namwino.

"Iai asisita, ali pa nchito. Malipiro alandira monga kale."

"Amamwa?"

"Mowa salawa, fodya sakoka. Ku chalichi ndi a kwaya."

"Nanga ndalama zipita kuti, amai?"

Apa ndi pamene misozi inagwa. Kwa theka la caka maiyo anali wotsimikiza kuti mwamuna wake ali ndi mkazi wina. Zizindikiro zonse zinalipo. Bamboyo anali kufunda bulangete kumutu, foni ili kuwala m'kati mpaka atambala oyamba. Anasintha nambala yotsekulira foni. Ikalira anali kuturuka panja kukayankha, ndipo akafunsidwa za ndalama ya lendi anali kupsa mtima ngati watukwanidwa. Usiku wina tulo tinamuba foni ili pa cifuwa. Mkazi ataitenga sanapezemo dzina la mkazi aliyense. Anapeza kandeke kofiira kali kukwera, ndi mauthenga a ndalama zoturuka: K20, K50, K50, K100, K300, zonse usiku umodzi womwewo.

"Akanakhala mkazi mnzanga ndikanadziwa kopita," anatero maiyo. "Mlandu wa cigololo ankhoswe audziwa. Koma uwu ndikawauze kuti ciani? Kuti amuna anga akwatira kandeke?"

Munthu wochova njuga kawirikawiri safika yekha ku cipatala kudzanena kuti njuga yamgwira. Amene amafika coyamba ndi mkazi wake ndi mutu, mwana wake ndi thupi lotsika, kapena amai ake okalamba amene aleka kumwa mankhwala a shuga cifukwa wowagulira uja masiku ano amangoti "ndidzatumiza mawa". Onsewa amalembedwa m'buku ndi maina a matenda ena.

Njuga inacoka pansi pa mango

Njuga si mlendo m'makomboni. Akuluakulu akumbukira anyamata ochova makhadi pansi pa mtengo wa mango kapena kuseri kwa thaveni, mmodzi ataima pa kona kuyang'ana apolisi. Akumbukiranso matikiti a Pick-a-Lot a masiku aja. Koma njuga yakale inali ndi malire ake. Wofuna kuchova anayenera kuturuka m'nyumba ndi kukakhala poyera, pamene mlamu kapena mkulu wa mpingo angamuone. Mdima ukagwa kapena m'thumba mukauma, masewera anali kutha okha. Wogula tikiti ya lotale anali kudikira masiku kuti amve zotsatira, ndipo pa masiku amenewo mtima unali kuzizira.

Malire amenewo anagwa limodzi limodzi. Makina a bonanza analowa m'mabala, m'tuntemba ndi m'mphepete mwa misika, nayamba kumeza makobiri a aliyense wodutsa. Mashopu obechera mpira anatsegulidwa m'tauni ndi m'makomboni momwe. Kenaka zonse zinasamukira m'foni, kumene zinakumana ndi ndalama za pafoni. Tsopano munthu angathe kuluza malipiro a mwezi wathunthu ali cigonere pa bedi, mkazi wake ali m'tulo pambali pake. Ndalama ya pepala imawawa poiturutsa m'thumba, cifukwa dzanja limaimva ndipo maso amaiona ikupita. K300 ya m'foni ndi nambala cabe, ndipo imapita ndi cala cimodzi.

Lamulo silola mwana wosakwana zaka 18 kuchova njuga, koma makina a bonanza safunsa citupa, ndipo foni ya amai sidziwa kuti cala cimene cikuigwira ndi ca mwana wa giredi 7. Mu 2025 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa ndalama zimene anthu amabecha. Msonkho wotere ungabweze munthu amene amabecha mwa apo ndi apo. Amene njuga yamlowa m'magazi samabwerera cifukwa mtengo wakwera, monga momwe cidakwa sicileka mowa cifukwa botolo lakwera mtengo. Cimene cimacepa ndi ndiwo za ana.

Matenda kapena khalidwe loipa cabe?

Anthu ambiri amene amabecha amaika K10 pa timu yao Loweruka, ikaluza amadandaula pang'ono ndi kuiwala. Pali gulu lina locepa limene silitha kuleka ngakhale liona kuti nyumba ili kugwa. A zaumoyo amawerenga mkhalidwe umenewu monga matenda. Madokotala a matenda a maganizo ku America anaulemba m'buku lao la matenda mu 1980, ndipo mu 2013 anausamutsira m'gulu limodzi ndi ucidakwa ndi mankhwala osokoneza bongo. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linacita cimodzimodzi m'ndandanda wake watsopano wa matenda umene unayamba kugwira nchito mu 2022. Mu 2024 bungweli linati akuluakulu oposa mmodzi pa 100 aliwonse pa dziko lapansi ali ndi matendawa, ndi kuti munthu mmodzi wochova njuga moopsa amabvutitsa anthu ena pafupifupi 6 omuzungulira. M'komboni, mmene malipiro a munthu mmodzi amadyetsa ana ake, ana a mlongo wake ndi makolo kumudzi, n'kosabvuta kuwawerenga 6 amenewo.

M'bongo wa munthu muli madzi ochedwa dopamine, amene amaturuka pamene thupi likuyembekezera cinthu cokoma. Ndiwo amacititsa munthu wanjala kufulumira akamva fungo la ndiwo. Ofufuza anapeza kuti madziwa amaturuka kwambiri pamene munthu sadziwa ngati cinthuco cibwera kapena sicibwera. Conco cimene cimakola wochova njuga si kupambana kokha. Ndi kamphindi kaja ndeke ili kukwera, kapena mphindi 5 zotsiriza za mpira pamene tikiti yatsala ndi timu imodzi. Ngakhale kuphonya pang'ono kumasangalatsa bongo pafupifupi ngati kupambana. Munthu amene pa matimu 10 analondola 9 waluza ndalama yake yonse, cimodzimodzi ndi amene sanalondole ngakhale imodzi, koma iye amapita kunyumba akuti "ndinatsala pang'ono", ndipo mawa amadzuka ndi mphamvu zatsopano.

Umboni wina unacokera kwa odwala matenda onjenjemera ochedwa Parkinson. Ena mwa mankhwala ao, monga pramipexole, amagwira nchito m'thupi ngati dopamine. Madokotala anadabwa kuona nkhalamba zina zimene sizinachovepo njuga moyo wao wonse zikuyamba kutaya penshoni pa makina, ndipo mankhwalawo atacepetsedwa cilakolako cija cinazirala. Zimenezi zionetsa kuti nkhaniyi ili ndi mizu m'thupi. Komabe kuchula kuti ndi matenda sikucotsa udindo pa mutu wa munthu. Wodwala shuga sanasankhe kudwala, koma kumwa mankhwala ndi kuleka zotsekemera ndi nchito yake.

Pamtima pa matendawa pali cinthu cimodzi: kuthamangitsa ndalama zotayika. Bambo waluza K200 ya malasha ndi ndiwo. Kubwerera kunyumba cimanjamanja acita manyazi, ndiye abwereka K200 ina kuti abweze yoyamba ija asanafike pakhomo. Nayonso ipita. Tsopano dzenje ndi K400, ndipo K20 singalikwirire, ayenera kuika zambiri. Kuyambira pamenepo sachovanso cifukwa ca cisangalalo. Ambiri a iwo amanena okha kuti njuga inaleka kuwakomera kalekale. Amachova kuti aturuke m'dzenje limene njuga yomweyo inakumba. Mabodza amayambira pomwepo, ndipo akayesa kuleka amakhala osakhazikika, okwiyakwiya ndi osowa tulo, monga wosuta fodya amene wasowa ndudu.

Masamu ake

Kampani ya njuga sidalira mwai. Imadalira masamu, ndipo masamuwo mwana wa sekondale angawacite. Tinene kuti pali masewera amene mbali ziwiri zili ndi mwai wofanana. Wina aika K100 mbali iyi, mnzake aika K100 mbali inayo. Kampani yalandira K200. Wopambana apatsidwa K190. K10 yatsala kwa kampani, ndipo ilibe kanthu kuti wapambana ndani. Ikacita zimenezi kwa anthu zikwi zambiri tsiku ndi tsiku, ndalama zolipirira zikwangwani ndi zolengeza pa wailesi zapezeka.

Tikiti yaitali, imene anyamata amaikonda cifukwa K5 imalonjeza zikwi, ndiyo yoipa kopambana. Ngati masewera 10 aliwonse ali ndi mwai wa theka ndi theka, mwai wolondola onse 10 ndi umodzi pa 1,024. Wogula tikiti yotere tsiku lililonse angayembekeze kupambana kamodzi m'zaka pafupifupi zitatu. Ndiponso kampani imadula gawo lake pa masewera alionse a pa tikitiyo, kotero kuti pa K100 iliyonse yoikidwa pa matikiti otere, imene imabwerera kwa obecha onse pamodzi ndi pafupifupi K60. Kudziwa mpira sikusintha zimenezi kwenikweni, pakuti amene amaika mitengo ija amaudziwa mpirawo koposa mnyamata wa pa shopu.

Kandeke kamaoneka kacifundo. Opanga masewerawa amanena okha kuti pa K100 iliyonse, K97 imabwerera kwa osewera. Msampha uli pa liwiro. Ulendo umodzi umatha m'masekondi, ndipo zimene munthu wapambana amazibwezera momwemo. Woika K20 maulendo 200 usiku umodzi wazungulitsa K4,000, ndipo gawo la kampani pa ndalama imeneyo ndi K120, ngakhale pa usiku umene mwai wake unali wapakati. Iye amakumbukira cabe kuti analowetsa K200. Ndeke ikagwa msanga maulendo 6 motsatizana, osewera amati tsopano iyenera kukwera patali. Makina alibe cikumbumtima cotere. Ulendo uliwonse umayamba ngati woyamba.

Kusiyana kwa liwiro kumaoneka ndi m'ciwerengero. Akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi magazini ya zaumoyo ya The Lancet Public Health analengeza mu 2024 kuti mwa akuluakulu obecha pa masewera monga mpira, pafupifupi 9 pa 100 amagwidwa ndi matendawa, pamene mwa osewera njuga za makina pa intaneti ndi pafupifupi 16 pa 100. Kwa acinyamata osakwana msinkhu ziwerengerozo ndi 16 ndi 26.

Pambali pa zonsezi pamera anthu ena odyera anzao masuku pamutu: ogulitsa "mipira yotsimikizika" pa WhatsApp, ndi ang'anga ogulitsa mankhwala a mwai. Amene adziwadi zotsatira za mawa sangazigulitse pa K50.

Mmene imalowera m'nyumba

Njuga siyamba ndi lendi. Imayamba ndi tindalama timene sitioneka msanga: cenji ya ku cigayo, ya sopo, ya mafuta ophikira. Thumba la ufa la 25kg limasanduka pamela wa tsiku ndi tsiku. K20 pa tsiku imaoneka yocepa, koma pa mwezi ndi K600 ndipo pa caka ndi K7,300. Maphunziro m'sukulu za boma anakhala aulere mu 2022, komabe yunifomu, nsapato ndi makope zimafuna ndalama, ndipo mwana wong'ambikiridwa amayamba kujomba yekha.

Kenaka pamabwera kaloba. Bambo wa m'nkhani ija anabwereka K500 kuti akabweze K750 pakutha pa mwezi, nasiya khadi lake la ku banki kwa mwini ndalama. Tsiku la malipiro wa kaloba ndiye anali woyamba kufika ku banki. Kunyumba kunali kufika zotsala, ndipo zotsalazo zinali zocepa kotero kuti anayenera kubwerekanso. Wailesi ya kanema inaturuka m'nyumba "kupita kukakonzedwa". Njinga inabwerekedwa ndi mnzao amene sanachulidwe dzina. Mkazi anali kugulitsa tomato ndi repu pa khomo, ndipo mpamba wake, umene unali m'kacitini kuseri kwa mbale, unapezeka wapungulidwa kawiri. Mwana wamkulu wa zaka 9 anakwapulidwa cifukwa ca ndalama imeneyo, atate ake ali pomwepo osanena kanthu. Maiyo atadziwa zoona, cimene cinamuwawa koposa zonse cinali cimeneco.

Si amuna okha. Pali amai a pa msika amene amalowetsa ndalama ya cilimba m'foni ndi maganizo oti aiculukitse tsiku logawana lisanafike, ndipo manyazi ao amakhala aakulu kotero kuti ena amathawa komboni. Pali asungicuma a mipingo ndi a magulu osunga ndalama. Pali anyamata olemba nchito m'mashopu ndi m'malo otumizira ndalama amene amathera ku polisi cifukwa ca ndalama za abwana zimene anali kuti angobwereka kwa ola limodzi.

Thupi la wochova njuga nalo limalipira. Amafika ku cipatala ndi moto wa pa cifuwa, kupweteka kwa m'mimba, mtima kugunda, mutu, ndi kufooka m'nyumba. Amapatsidwa Panadol kapena mankhwala a asidi, ndipo pakapita sabata ziwiri amabweranso. Wogona maola atatu usiku ndiye amene mawa ali kuyendetsa minibasi kapena njinga yamoto yonyamula anthu. Ena amayamba kumwa kuti apeze tulo, ndipo mowa ukakumana ndi nkhongole m'nyumba imodzi, nkhonya sizicedwa.

Coopsa kwambiri ndi kutaya mtima. Kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2018 anapeza kuti anthu odwala matenda a njuga amafa modzipha kuwirikiza ka 15 poyerekeza ndi anthu ena. Nthawi yoopsa ndi pamene madzi afika m'khosi: wa kaloba wabwera pakhomo, abwana apeza ndalama zosowa, kapena cinsinsi caululika pamaso pa apongozi. Munthu akayamba kulankhula mau monga "mudzapumula ndikadzacoka", kapena kulaira ndi kugawa zinthu zake, abale ayenera kumfunsa mosapita m'mbali ngati ali kuganiza zodzipha. Kufunsa sikumpatsa maganizowo, kumamtsegulira pakamwa. Asasiyidwe yekha, mankhwala a m'munda ndi a makoswe acotsedwe m'nyumba, ndipo apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Ngati wamwa kale cinthu, asamsanzitse ndipo asamupatse mkaka kapena mafuta. Athamange naye, atanyamula botolo la cimene wamwaco.

Cifundo cimene cimadyetsa matenda

Banja likadziwa, limacita zimene banja labwino limacita: limasonkha ndi kulipira nkhongole mwakacetecete kuti dzina lisaipe. M'banja lija mkulu wake wa bamboyo, amene ndi mphunzitsi, anali atalipira kale kawiri mkazi osadziwa, nalandira lumbiro lakuti sizidzacitikanso. Lumbirolo linali locokera pansi pa mtima, ndipo linakhala sabata zitatu. Nkhongole ikafafanizidwa ndi wina, wodwala amapeza mpumulo, a kaloba amayamba kumkhulupiriranso, ndipo m'mutu mwake mumatsala phunziro lakuti zinthu zikafika poipa wina adzabwera. N'cifukwa cake a zaumoyo amalangiza abale kuti agulire ana cakudya, alipire lendi kwa mwini nyumba ndi manja ao, koma asapereke ndalama m'manja mwa wodwalayo kapena kumlipirira nkhongole za njuga.

Pali mafunso awiri amene anapangidwa mu 1997 ndipo amagwiritsidwa nchito m'zipatala za maiko ambiri. Loyamba ndi lakuti kodi munthuyo anayamba wamva kuti afunika kuika ndalama zoculukiraculukira. Laciwiri ndi lakuti kodi anayamba wanamiza anthu ofunika kwa iye za kuculuka kwa ndalama zimene amachova. Woyankha inde pa limodzi lokha afunika kukaonana ndi a zaumoyo. Mafunsowa amayenda bwino akafunsidwa m'mawa, munthu atakhuta ndipo ana kulibe, osati usiku pamene wangoluza kumene.

Akabvomera, nchito yoyamba ndi kucotsa ndalama m'manja mwake, mogwirizana naye. Malipiro azilowa kumene mkazi kapena m'bale wodalirika ndiye adziwa nambala yacinsinsi, iye azinyamula ya basi ndi ya cakudya ca masana. Masewera afafanizidwe m'foni, ndipo makampani ambiri ali ndi njira yoti munthu apemphe kuti akaunti yake itsekedwe. Ena amasiya foni yaikulu ndi kugula kafoni ka mabatani kwa miyezi ingapo. Nkhongole zonse zilembedwe pa pepala limodzi pamaso pa ankhoswe, ngakhale zocititsa manyazi, cifukwa nkhongole imodzi yobisika imakwana kumbwezera munthu ku njuga. Azilipira yekha pang'onopang'ono kucokera pa malipiro ake, cakudya ndi lendi zitayamba zacotsedwa. Mkazi asasaine nkhongole iliyonse m'dzina lake, ndipo mapepala a nyumba kapena a puloti akasungidwe kwina.

Zonsezi ndi za m'nyumba mmene mulibe nkhanza. Mkazi amene mwamuna wake amamenya asayese kulanda foni kapena khadi ali yekha. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2011 limawerenganso kumana banja zofunika monga nkhanza. Nambala yaulere ya 933 ndi ya akuluakulu ofuna uphungu, ndipo 116 ndi ya ana.

Palibe nyeleti kapena piritsi locotsa njuga, ngakhale abale ambiri amafika ku cipatala akuyembekeza zimenezo. Cimene caoneka kuti cimathandiza ndi uphungu wobwerezabwereza, umene umathandiza munthu kuona mabodza amene amadziuza yekha, kudziwa nthawi zimene cilakolako cimakwera, monga tsiku la malipiro kapena pambuyo pa mkangano, ndi kukonzeratu cocita nthawi zimenezo. Cilakolako cimakwera ndi kutsika, ndipo amene apirira kwa theka la ola ali ndi munthu wina nthawi zambiri amapeza capita. Matenda otsagana nayo, monga kubvutika maganizo ndi ucidakwa, ali ndi mankhwala ndipo ayenera kuthandizidwa pamodzi. Poyambira ndi pa kiliniki ya m'dera, imene ingatumize munthu ku gawo la matenda a maganizo la pa Chipata Central Hospital, kapena ku Chainama mu Lusaka. Ambiri amaopa maina amenewa poganiza kuti adzachedwa amisala, koma ofikako ambiri ndi anthu obvala bwino amene akacoka pamenepo amapita ku nchito zao.

Gulu la Gamblers Anonymous, limene linayamba ku Los Angeles mu 1957, linakhazikika pa mfundo yosabvuta, yakuti anthu a bvuto limodzi azikumana sabata ndi sabata ndi kuuzana zoona. Magulu a amuna m'mipingo angathe kucita zomwezo popanda ndalama iliyonse, malinga ngati zokambidwa m'menemo sizikaturukira pa guwa. Pemphero limalimbitsa ambiri, koma wopemphereredwa Lamlungu amene Lolemba abwezeredwa khadi lake la ku banki waikidwa pa mayeso aakulu.

Bambo uja anaitanidwa ku kiliniki katatu. Ulendo wacitatu anabwera, atabvala malaya a ku nchito, nakhala kumapeto kwa benci ngati wobwera kudzaperekeza. Namwino sanachule za njuga. Anamuika khadi la mwana m'manja ndi kumfotokozera tanthauzo la mzere. Anauyang'ana nthawi yaitali. Mafunso awiri aja anayankha inde onse. Pa bwalo la ankhoswe ananena kuti nkhongole zake zingakwane K4,000, koma zitalembedwa pa pepala zinafika K9,400, kwa anthu anai ndi kampani imodzi yobwereketsa pafoni.

Malipiro tsopano amalandira mkazi. Mwezi waciwiri bamboyo anagwanso, anachova K150 pa foni ya mnzake wa ku nchito, koma ulendo uno anakanena yekha kunyumba usiku womwewo. Aphungu anamuuza kuti kugwa kotere kumacitika kwa ambiri ndipo sikutanthauza kuti ayambirenso pa ziro. Wailesi ya kanema ikali kwa wa kaloba, ndipo mkulu wake uja sanayambe kumlankhula bwino. Mwana wa zaka 9 anapepesedwa ndi atate ake pamaso pa ambuye ake. Mai akumwa mankhwala a BP ndipo wauzidwa kubwera kudzapimitsa mwezi uliwonse. M'phala la kamnyamata munabwerera nsinjiro, ndipo pa miyezi iwiri kanaonjeza magalamu 400. Tsiku lina la sikelo ndi Lacinai la sabata yoyamba ya mwezi wa mawa, ndipo atate ake apempha kale cilolezo ku nchito kuti akapite nako okha.